Tsiku Limene Adzukulu Anakana Kukumbira Amalume

Ngwee! Ngwee! Chitsulo cha gudumu la galimoto chimene chimalendewera pamtengo pakati pa mudzi wathu chinandidzutsa kusanache. Ndinali nditagona pathumba kuseri kwa nyumba ya siwa, pamodzi ndi amuna ena amene anachezera pamaliro a amalume. Kwathu ku Mkhumba chitsulocho chikalira m'mawa wa maliro, adzukulu amatuluka ndi makasu n'kulunjika kumanda. Ndinatchera khutu kuti ndimve mipini ikugundana panjira. Ndinangomva atambala, ndi amayi a kwaya amene mawu awo anali atasasa.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amene anandilera ndi anganga. Mwa ana awo onse anatsala amalume okha, amenenso anali mwinimbumba. Tsopano iwo atagona m'bokosi, aliyense wofuna kudziwa kanthu ankayang'ana ine, munthu amene ndinali ndisanayankhulepo pagulu.

Amalume anali wolemba zikwangwani. Magolosale a pa Migowi, malo ometera, ngakhale mawu a kumbuyo kwa minibasi, ambiri anali dzanja lawo. Zaka zingapo asanadwale, bungwe lina la ku Blantyre linaitana ojambula, osema ndi oimba ku maphunziro a bizinesi. Anabwerako ndi satifiketi ndi nzeru zatsopano: kuwerengera penti, burashi ndi nthawi asanatchule mtengo, ndi kukumbukira kuti zikomo sagula penti. Sindinganame, zinathandiza. Nyumba ya anganga inafoleredwa ndi malata. Koma phunzirolo analitengera mpaka kumanda. Kale munthu akamwalira, amalume ankalemba dzina pamtanda osapemphedwa. Atabwerako ku maphunziro anayamba kutchula mtengo. Ena ankalipira mokwiya. Ambiri ankangozika mtanda wopanda dzina.

Dzuwa linatuluka lotentha kale. Azimayi anakoleza moto kuseri kwa khola, madzi anawira, koma panalibe wothira ufa, chifukwa chakudya choyamba chimapita kwa okumba. Anthu ankafika panjinga ndi pansi, n'kukhala m'mithunzi, n'kumanong'onezana. Ndinasuzumira m'nyumba. Anganga anali atakhala pafupi ndi bokosi, akuingitsa ntchentche ndi nsonga ya chitenje. Fungo linali litayamba. Anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti thupilo silingadikire tsiku lina.

Adzukulu ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa manda, makasu ali gone pansi, ena akupichira fodya. Ndinanjuta patsogolo pa mkulu wawo, bambo wamfupi wokonza njinga.

"Zikomo, akuluakulu."

"Wabwera nayo satifiketi ija?" anafunsa wina kumbuyo, anzake n'kuseka.

Mkuluyo sanaseke. "Amalume ako anatiphunzitsa kuti ntchito ya manja siyaulere," anatero. "Ife tamva mochedwa, koma tamva."

Ndinapepesa. Ndinapepesanso. Anandisiya chinjutire mpaka miyendo inachita dzanzi.

Dzuwa litakwera, galimoto ya matola inatsitsa anzawo a amalume, aja anaphunzira nawo limodzi. Atamva zimene zinkachitika, mmodzi wa iwo, woimba gitala wovala nsapato zosongoka, anabwera kumanda. Cholinga chake chinali chabwino, ndipo anayankhula mwaulemu.

"Madala, tisataye nthawi. Ntchito yanu ndi yolemetsa, ife tikuilemekeza. Tangotchulani mtengo, anzakefe tisonkha."

Kuseka kunatheratu. Mkulu uja anaimirira pang'onopang'ono.

"Mwatiyesa aganyu? Inu achimwene, bambo anu munawaika pamtengo wanji?"

Anatola khasu lake n'kuliika paphewa. Ena onse anachita chimodzimodzi, nkhope zitaloza kumudzi. Pamwamba pa phiri la Michesi mitambo inali itada, ndipo kunagunda koyamba. Ndinaganiza za anganga ndi chitenje chawo, ndi usiku wina m'nyumba ija.

Sindikudziwa chimene chinandiimiritsa. Ndinalowa pakati pa manda, kumene kunali mizere ya mitanda yopanda mayina, ina itadyedwa kale ndi chiswe. Ine maliro a m'mudzimo sindinkajomba. Ndinkaima kumbuyo, osanena kanthu, n'kumaona. Ndinagwira mtanda woyamba n'kutchula mokweza dzina la mayi woumba mbiya amene anagona pamenepo. Ndinagwira wachiwiri, ndinatchula. Wachitatu unali waung'ono, wa mwana. Ndinatchulanso, n'kupitirira. Nditacheuka ndinaona kuti adzukulu aima panjira.

"Onsewa ndimawadziwa," ndinatero. "Burashi amalume anandiphunzitsa kugwira. Ndidzalemba mtanda uliwonse pano, ndipo simudzamva mtengo pakamwa panga. Koma chonde, anganga asagonenso ndi mtembo."

Mphepo inayamba kugwedeza mitengo ya kumanda.

"Kodi uyu amayankhula?" anatero uja anafunsa za satifiketi, koma tsopano chapansipansi.

Mkuluyo anabwerera, n'kuloza ndi phazi malo pafupi ndi manda a amayi anga.

"Tema khasu loyamba. Ife sitiyamba manda a eni."

Ndinatema. Dothi linali louma ngati njerwa. Iwo anandikankhira pambali, makasu n'kuyamba kulira. Woimba uja anavula nsapato zake kuti athandize, koma anamuuza kuti akatunge madzi a okumba, ndipo anapita osawiringula.

Ndinabwerera kunyumba ndikuthamanga. Azimayi ophika aja atangondiona nkhope anayamba kuthira ufa. Ine ndinalowa m'kachipinda ka amalume kukalemba mtanda wawo. M'chitini cha penti woyera munali motsala pansi penipeni, chifukwa miyezi yonse imene ankadwala sanagule wina. Ndinathiramo parafini, ndinapala m'mbali. Dzina loyamba linatuluka bwino. Lachiwiri linayamba kuzimirira, ndipo chaka chomwalira chinkangooneka ngati ufa wopakidwa pathabwa.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Kwaya inali patsogolo, bokosi pamapewa a amuna osinthanasinthana, anganga atagwiridwa ndi amayi awiri. Abusa anadula ulaliki chifukwa madontho anali atayamba. Woyankhula m'malo mwa anzawo a amalume ananena kuti malemu anasonyeza kuti luso limadyetsa munthu. Anthu a m'mudzi anayang'ana pansi. Pofotsera, mvula inagwa yamphamvu, anthu n'kubalalika, koma adzukulu anamaliza ntchito yawo ali chinyowere. Pozika mtanda, mkulu wawo anaugwira nthawi yaitali, akuyang'ana zilembo zozimiririkazo.

Madzulo mvula inakata. Pabwalo panatsala phulusa lonyowa ndi mabenchi a kutchalitchi. Anganga anagona pamphasa osadya, atatembenukira kukhoma. Ine ndinakhala pakhonde ndikuganiza za lonjezo langa, mitanda yonse ija, ndi chitini chouma m'kachipinda muja.

Kunja kukuyamba kuda ndinamva njinga ikuima. Anali mkulu wa adzukulu, matope mpaka m'maondo, kusonyeza kuti anachokera kutali. Ndinafuna kumupatsa mpando, anakana ndi mutu. Anamasula chingwe pakaliyala n'kutsitsa kachitini katsopano ka penti woyera, kosatsegula.

"Sindinkadziwa kuti kanthu kakang'ono chonchi n'kodula chotere," anatero, osandiyang'ana. "Uyambire mtanda waung'ono uja. Ndi wa mwana wanga."

Anakaika m'manja mwanga, anatembenuza njinga, n'kumapita.