Kathumba ka m'chikwama cha alamu anga

Sukulu ndinalekeza sitandade fili. Aphunzitsi ndi ine tinaona kuti mmodzi wa ife ayenera kuchoka, ndipo popeza iwo anali ndi banja loti adyetse, ndinawamvera chisoni n'kuchoka ineyo. Ndiye mukaona mawu ena akutsimphina m'nkhani ino musadabwe. Koma nkhaniyo ndi yoona, ndipo si yoseketsa ngakhale wolembayo anazolowera kuseka.

Ntchito ya zikopa anandilowetsa ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu. Ndinali kale bambo wa ana awiri, nditachotsedwa ntchito kawiri chifukwa cha pakamwa. Zaka zake ndi zija za Chitaganya, pamene munthu wakuda ankagula shuga pawindo la sitolo ya Mzungu osaponda mkati. Ife tinkakhala pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina ku Limbe, kumapeto kwenikweni kumene mvula inkawomba. Kumtunda kwa khondelo, pabwino, kunali atelala anayi ndi makina awo opondera.

Makolo a alamuwo anachokera kwa Apwitikizi, anadzera kuseri kwa phiri la Mulanje katundu ali pamutu. Atate awo ankasoka zingwe za chikopa za ngolo m'minda ya azungu, ndipo mwanayo anatengera dzanja koma anakana ngolo. Iwo ankafuna zinthu zoti munthu anyamule popita kutchalitchi, anzake n'kumacheuka. Ankasoka zikwama za amayi, malamba, ndi timatumba ta fodya. Chithunzi cha chikwama sankachiona m'buku ayi. Ankakhala chete kuyang'ana chikopa nthawi yaitali, kenaka n'kujambula ndi khala.

Zikopa za mbuzi tinkakazitenga kophera nyama n'kukazinyika m'madzi a makungwa kuseri kwa nyumba yawo ku Chinyonga, kusanadzaze nyumba ngati lero. Fungo lake linkathamangitsa ndi agalu omwe. Achemwali ankati anakwatiwa ndi mbuzi yakufa, komabe mikanda ya pachivundikiro cha chikwama ankasoka ndi iwowo, ndipo ankaisanja bwino. Kufufuta ndi kupaka ulusi phula inali ntchito yanga. Kudula ndi kusoka kunali kwa alamu. Choboolera chawo chinali sipoko ya njinga yonoledwa pamwala, yoikidwa chogwirira cha mtengo.

Alamu anga anali amanzere. Chifukwa cha ichi msoko wawo unkapendekera mbali ina, kusiyana ndi wa munthu aliyense m'Limbe, ndipo pangodya ankabwerera katatu asanapitirire. Aliyense wodziwa singano akaona chikwama chawo pamsewu sankafunsa mwini ntchito.

Tsono inu mukudziwa kuti mlamu ndi munthu womuseka, palibe mlandu. Ine ndinali ndi chilolezo chimenecho ndipo sindinkachisiya kunyumba. Akamaliza chikwama, ndinkachinyamula m'mwamba kuti atelala aone, n'kunena kuti msokowu ukuyenda ngati munthu wochokera kokamwa kachasu, kapena kuti mbuziyi inafera chabe. Iwo sankaseka, sankakwiyanso. Ankaika pansi chimene agwira, n'kupukuta manja pa epuloni, n'kundilanda chikwamacho. Kenaka ankayamba kulalikira khonde lonse, kuonetsa ngodya, kukoka chogwirira, kufunsa ngati alipo amene angasoke chotere. Atelala ankasiya makina kumvetsera. Tsiku lililonse zinkatero, ngati belu la kumishoni. Ndikaiwala kuwanyoza ankandifunsa ngati ndikudwala.

Chimene chinatchukitsa zikwama zawo chinali kathumba kobisika. Kanayamba ndi mayi wina wamkulu wa kutchalitchi amene ankanunkhiza fodya wam'mphuno, koma osafuna kuti akulu ampingo aone kabotolo kake akamatulutsa buku la nyimbo. Alamu anaganiza masiku awiri, n'kusoka kathumba pakati pa chikopa ndi nsalu ya m'kati, pakamwa pake pobisika pansi pa mpendero. Ukapanda kudziwa polowetsa chala ukhoza kukhala nacho chikwamacho chaka osakapeza. Mayiyo anauza mnzake mmodzi yekha, ndipo mwezi usanathe amayi a mipingo itatu ankabwera kudzafunsa chikwama "cha mtundu uja". Madona a ku Nyambadwe nawo ankatuma akhukhi awo. Chimene madonawo ankabisa sindikudziwa, sindinali wa m'nyumba mwawo.

Kenaka kunabwera kalaliki wina wa mu ofesi ya m'tauni, wa tayi ndi njinga yatsopano. Ankafuna chikwama chachikulu cha mapepala, chokhala ndi kathumba kaja koma kotakata. Alamu sanafunse kuti n'ka chiyani. Za ndale sankazitsata. Misonkhano ya chipani ikamachitika iwo ankadandaula zoti anthu apita kumeneko m'malo modzagula malamba. Chimene chinawasangalatsa n'chakuti anali asanasokepo kathumba kakakulu chotero kosaoneka kunja. Anachisoka sabata yathunthu. Kunena zoona, ngakhale sindinawauze, chinali chikwama chabwino kuposa zonse zimene anasokapo.

Chaka chija boma linayamba kugwira anthu, malole a asilikali ali piringupiringu mumsewu wa pakati pa Limbe ndi Blantyre, tinamva kuti kalaliki uja amutenga. Patapita masiku tinamvanso kuti m'chikwama chake apezamo mapepala a maina a anthu, ndipo akufunafuna amene anasoka malo obisirawo. Achemwali sanachedwe. Anasonkhanitsa zikwama zonse zomalizidwa n'kuzikulunga m'mphasa, nati kukhonde tizipita ndi malamba ndi nsapato zokonza basi. Anauza amuna awo kuti wina akafunsa, iwo ndi wokonza nsapato kuyambira kubadwa. Ine anandiuza kuti nditseke pakamwa. Tonse awiri tinavomera.

Apolisi anabwera m'mawa, dzuwa lisanafike pakhonde. Anali Mzungu wachinyamata wa nkhope yopsa ndi dzuwa, sajeni wachikuda wa imvi pang'ono, ndi apolisi awiri otsalira pagalimoto. Sajeniyo ndiye ananyamula chikwama, ndipo ndi amene ankalankhula. Anayambira kwa atelala. Telala wamkulu anachiyang'ana ngati chagwa kumwamba, nati iye amadziwa nsalu basi. Mkazi wake yemweyo anali nacho chake kunyumba. Enawo anapukusa mitu osasiya kuponda makina. Khonde lonse linkadziwa, ndipo khonde lonse linali litaiwala.

Atafika kwathu, alamu anali atawerama pa lamba, osadzutsa mutu. Ine ndinalandira chikwamacho, ndinachitembenuza, n'kunena kuti sitikuchidziwa, ife ndife a nsapato. Sajeni anali atatambasula kale dzanja kuti achitenge. Mzungu uja anali atatembenuka, akuyang'ana khonde la tsidya la msewu. Zikanathera pomwepo.

Koma ine ndinaona ngati bodza langa ndi lowonda, likufunika kulinenepetsa. Ndinafuna kuti achoke ali otsimikiza, asadzabwerenso.

"Bwana," ndinatero, "izi ndi za makina a ku Halale, zosokera anthu osadziwa kanthu. Taonani msoko wake, ukupita uku ndi uku. Chikopanso sanachifufute bwino. Munthu wodziwa ntchito sangatulutse chinthu chotere, angachite manyazi."

Telala wina anaseka. Kaya anaseka ndi mantha, kaya ndi chizolowezi, sindikudziwa. Mnzake anamutsatira.

Ndinamva lamba akuikidwa pansi. Nditacheuka ndinaona alamu akupukuta manja pa epuloni. Ndinawaponda phazi mwamphamvu. Analichotsa phazilo ngati achotsa pa minga, n'kundilanda chikwama ndi dzanja lawo lamanzere.

"Makina ake ati amene amabwerera katatu pangodya?" anafunsa. Sankafunsa ine, kapena sajeni. Ankafunsa khonde, monga mwa masiku onse. Anakoka chogwirira kuonetsa kuti sichisuntha. Kenaka anatsegula, n'kuona kuti nsalu ya m'kati yang'ambidwa ndi mpeni kuyambira pamwamba mpaka pansi. Nkhope yawo inasintha.

"Nanga apa mwaduliranji? Sipodula apa. Amatsegulira umu."

Analowetsa chala pansi pa mpendero, kathumba kaja n'kutseguka.

Makina onse anayi anali ataima. Sajeni anawayang'ana alamu nthawi yaitali, kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Bambo, mwaganiza bwino?" Ndikhulupirira kuti akanakhala yekha akanachitenga chikwamacho n'kumapita. Koma Mzungu uja anali atacheuka ndipo chala chija anachiona. Panalibenso chomasulira.

Sanawamange unyolo. Anawalola kuvula epuloni. Alamu anaipinda bwinobwino, nandiuza kuti lamba uja ndi wa mlonda wa kusiteshoni, adzabwera Lachisanu, mabowo atsala awiri. Anakwera galimoto ngati munthu amene sanamvetsebe chimene chachitika.

Achemwali ndinawapeza akusankha mikanda m'lichero. Ndinawafotokozera zonse kupatula mawu anga. Anandifunsa kawiri ngati amuna awo anangoyamba okha kulankhula, ine n'kuvomera kawiri konse. M'mawa mwake anapita okha kukhonde, atelala n'kuwauza zonse. Pobwera sanandikalipire. Anangoti, "Achimwene, ndinakupemphani chinthu chimodzi." Kuyambira pamenepo ankatumiza chakudya kwa ana anga monga kale, koma ine ankandilankhula kudzera mwa mkazi wanga.

Alamu anawasunga kumsasa wa akaidi wa waya umene unali kuseri kwa mabulugamu, osati kutali ndi kwathu. Munthu ukanatha kuyenda wapansi, ndipo achemwali ankayendadi, chakudya chili m'kansalu, n'kukaima pamsewu limodzi ndi amayi ena mpaka atawabweza. Tinkamva kwa otuluka kuti akuwafunsa maina a onse amene anawasokera kathumba. Nanga akanatchula ndani? Theka la amayi a m'matchalitchi a m'Limbe, akalaliki, aphunzitsi, ndi madona omwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti palibe wina amene anatengedwa chifukwa cha chikwama.

Ine ndinatsala pakhonde. Mmwenye anandisunthira kunja kwenikweni, nati sakufuna galimoto za boma pakhomo pake. Ndinayesa kusoka zikwama ndekha. Dona wina wa ku Nyambadwe anabweza chake patangotha masabata awiri, chogwirira chili m'manja mwa khukhi. Khukhiyo anati dona akufunsa kuti wosoka weniweni uja abwera liti. Kumene ali sanafunse.

Alamu anatuluka mvula ina itabwera, chimanga chitamasula. Anangofika masana, wapansi, atavala malaya omwe aja. Anali ataonda, koma kuonda kumatha ndi chakudya. Chimene sichinathe ndi dzanja lamanzere. Zala ziwiri zinali zopindika osawongoka, ndipo chala chachikulu chinalibe mphamvu yotsina ngakhale tsamba. Sananene chimene chinachitika, kwa ine kapena kwa akazi awo. Wina akafunsa ankangoti kunali kozizira.

Sabata yotsatira anabwera kukhonde. Atelala anaimirira kuwapatsa moni. Anakhala pamalo pawo, natenga kachidutswa ka chikopa, koma sipoko inkaterereka m'dzanja isanaboole. Anayesa kuimangirira kudzanja ndi kansalu. Anayesa ndi dzanja lamanja, msoko n'kutuluka wowongoka ndi wotayana ngati wanga. Anauyang'ana n'kuumasula wonse. Anachita zimenezi masiku atatu. Tsiku lachinayi anakulunga zida zawo mu epuloni n'kundipatsa, ndipo mwezi womwewo analowa ntchito yosankha masamba m'shedi ya fodya, kumene zala zitatu zimakwanira.

Ndinayesa kamodzi kubwezera zakale. Ndinati alamu, boma lakusungani miyezi yonseyi osakulipiritsani lendi, mwayamika? Anandiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti, "Zikomo, bambo." Anali asananditchulepo bambo chikwatirire achemwali anga. Sindinayesenso.

Zinanditengera zaka kuti ndinene. Tsiku lina Lamulungu masana tikuchokera kumaliro, tikuyenda awiri m'mbali mwa njanji kulowera ku Chinyonga, ndinayamba. Ndinati tsiku lija sindinkawaseka ayi. Ndinati chikwama chija chinali chabwino kuposa chilichonse chimene ndinaonapo, ndipo ndinachinyoza kuti apolisi achoke. Ndinalankhula zambiri, monga mwa ine. Iwo ankangoyenda, akutsokomola pang'ono chifukwa cha fumbi la fodya la m'shedi.

"Ndinadziwa," anatero. "Phazi lanu ndinalimva."

Ndinafunsa kuti nanga analankhuliranji.

Anayenda kaye mpaka tinadutsa kamlatho. "Anthu anaseka," anatero.

Tinapitiriza kuyenda m'mbali mwa njanji. Titafika pamphambano anandifunsa ngati ana ali bwino, ndinati ali bwino, aliyense n'kulowera kwake. M'shedi muja anagwiramo mpaka chifuwa chinawagoneka. Chikwama sanasokenso.