Rauta ya a Zotchipa

Pakampani yaing'ono ija yogulitsa intaneti, palibe ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Zotchipa, eni akenso n'kumayankha mokondwa. Dzinalo analikhetsera thukuta. Nsapato zawo zinali zosokedwa kawiri, foni inasweka galasi chaka chomwe anakwatira, ndipo akazi awo anasiya kalekale kuwatuma kogula zinthu, chifukwa akawatuma ketulo ankabwera ndi yogwedera chogwirira, akumwetulira ngati atola chikwama.

Koma tisawanamizire, ntchito ankaidziwa. Anaiphunzira kwa achikulire ena a pakampanipo, olumikiza fayiba, tinthambo tagalasi tija tonyamula intaneti. Achikulirewo anali ndi chizolowezi chawo. Akamaliza kulumikiza, ankamata tepi yoyera pabokosi n'kulembapo tsiku ndi dzina lawo. "Zikadzavuta, anthu asadzavutike kufunafuna wolakwa," ankatero. A Zotchipa ankangoseka, amvekere kumeneko n'kuwononga tepi.

Chaka chimenecho makasitomala anachuluka, ndiye bwana anati pagulidwe rauta yatsopano ya pamsana, makina apakati pomwe nthambo zikuluzikulu zimakumana intaneti isanagawidwe m'nyumba ndi m'maofesi. Mitengo itabwera, bwana anagwira kumutu. A Zotchipa anakhala pakompyuta masiku anayi mpaka anapeza ina ya mtengo wosafika n'theka lomwe. Pakatoni pake panalembedwa liwiro lofanana ndendende ndi la zodula zija.

Kuyesa anaiyesa, inde. Koma anaiyesa patebulo pawo Loweruka m'mawa, ndi laputopu imodzi yokha, ndipo inathamanga bwinobwino. M'kabuku kake, chakumapeto, munali timalemba ting'onoting'ono tonena kuti ukayatsa zotchinga akuba a pa intaneti, liwirolo limatsika kwambiri. Pakampani ngati yawo zotchingazo sizizimitsidwa. A Zotchipa anatiwona timalembato. Anatiwerenga kawiri. Kenako anatseka kabukuko n'kuikapo kapu yawo ya tiyi.

Lolemba bwana anawayamikira pamaso pa onse. Lachitatu mafoni anayamba kulira. Ikangokwana nthawi yoti maofesi onse atsegula, intaneti inkayenda mokwawa, ndipo mayi wa pakauntala ankatukwanidwa mpaka makutu kuwawa.

"Vuto lili pati?" anafunsa bwana pamsonkhano.

"Rauta ndinaiyesa ndekha, bwana," anayankha a Zotchipa, maso ali patebulo. "Mwina ndi nthambo."

Achikulire aja sanatsutse. Ananyamula makwerero awo n'kutuluka.

Kwa masabata atatu anayenda msewu ndi msewu, kukwera polo lililonse, kutsegula bokosi lililonse lokhala ndi dzina lawo, kudula malo olumikizidwa bwino kale n'kulumikizanso. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi! Pomwe a Zotchipa anali m'chipinda chozizira cha makina, akuyang'ana pagalasi la kompyuta pomwe rauta yawo inkaonetsa poyera kuti yalemedwa. Tsiku lililonse ankati mawa ndinena. Mawa likafika ankakumbukira mmene anawombedwera m'manja, n'kuzengerezanso.

Chakudya chinasiya kulowa. "Bambo a mwana, mukudwala?" anafunsa akazi awo.

"Ndi mutu chabe."

Tsiku lina anagulira achikulirewo magolovesi atsopano, osanenerera mtengo ngakhale pang'ono. Wogulitsayo, yemwe ankawadziwa bwino, anawafunsa ngati kunyumba kuli bwino. Achikulire analandira ndi manja awiri n'kuthokoza, ndipo kuthokozako kunawapweteka a Zotchipa kuposa mbama.

Sabata yachinayi bwana anagamula. Anati maso a achikulire atha, manja ayamba kunjenjemera, mwezi ukatha akapume.

Masana omwewo a Zotchipa analowa m'chipinda cha makina n'kuwapeza achikulirewo ataima phee, chikhatho chili pamwamba pa rauta.

"Ikutentha ngati simbi yositira," anatero osatembenuka. "Ndinaigwira sabata yoyamba ija, inali chonchi."

A Zotchipa anawayandikira. "Ndiye munkadziwa, bambo?"

"Nthambo zanga ndimazidziwa, mphwanga. Bokosi loyamba nditangotsegula ndinaona kuti mulibe vuto."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kusenda nthambo wanama? Ndinati ndimupatse mpata anene yekha. Kungoti mapolo anachuluka kuposa mmene ndinkaganizira."

Manyazi omwe anawagwira a Zotchipa sanawamvepo chibadwire. Anakatenga kabuku kaja, kali ndi chizindikiro cha kapu pachikuto, n'kukagogoda kwa bwana. Anatsegula tsamba lija, analoza timalembato, ananena zonse osasiyako, mpaka za Loweruka ndi laputopu imodzi. Bwana anakalipa mpaka a pakauntala anamva. Atatopa, anati rauta yotchipayo ipite kunthambi yaing'ono ya kampaniyo komwe ingakwanitse, pamsana pabwere yamphamvu, ndipo kalata yopumitsa achikulire ntchito ing'ambidwe.

A Zotchipa anathamanga kukanena nkhani yabwinoyo. Anawapeza achikulire atakhala pabenchi panja pa chipinda chosungiramo zida, atapinda thalauza, akusisita bondo lotupa ngati mpira.

"Bwana asintha maganizo, bambo. Ntchito yanu ilipo."

"Wachita bwino kunena," anayankha achikulirewo. "Koma dzulo ndinapita kuchipatala. Akuti makwerero ndisiye. Bondoli likanandisunga zaka ziwiri kapena zitatu, koma masabata atatu awa alimaliza."

Achikulire anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa tepi yoyera ija, yotsala pang'ono kutha, ndi cholembera chake.

"Tenga. Sikuti ndikukupatsa chifukwa chokwiya ayi."

Rauta yatsopano inafika patatha masabata awiri. A Zotchipa anaiyesa Lolemba, maofesi onse atatsegula, zotchinga zonse zili zoyaka. Atakhutira anamatapo tepi n'kulemba tsiku ndi dzina lawo lenileni.

Anzawo amawatchulabe a Zotchipa, ndipo amayankha, koma kumwetulira kuja kunatha. Popita kuntchito amadutsa mumsewu womwe uli ndi mapolo khumi ndi anayi. Pabokosi lililonse pali matepi awiri a dzina limodzi, ina yakale yachikasu, ina yoyera ya mwezi uja. Anayesapo kudzera njira ina, koma nakonso mabokosi ake ndi otero.