Dzina la Eni

Chaka chimene makuponi a feteleza anatifika mochedwa, fodya wathu kwa Kaluluma anangokula mwa chisomo. Tsiku lina masana ine ndi amayi tinali m'chigafa tikusoka masamba, wailesi titaikoleka pansanamira. Kunja kunali zii, ngakhale nkhuku osamveka.

Pawailesipo aphungu ankafunsa mafunso munthu amene anasankhidwa kuti akhale jaji. Atatchula dzina lake, singano ya amayi inaima.

Dzinalo tinkalidziwa. Kale, ophunzira a ku yunivesite atachita zionetsero, achimwene anga anathawira kuno ndi mnzawo, ndipo tinawabisa m'chigafa chomwechi. Apolisi atabwera ankafuna mnzawoyo, poti ndiye ankatsogolera nyimbo. Anaitana dzina lake kawiri. Kachitatu amene anatuluka anali achimwene, nati, "Ndine." Anawatenga ndi dzina la eni, anawasunga ndi dzina lomwelo, ndipo atawamasula anabwera munthu wosalankhula, woonda ngati phesi. Sanathe chaka. Mnzawo uja ngakhale pamaliro sanaponde.

Tsopano pawailesipo phungu wina anamufunsa mnzawo yemweyo maganizo ake pa zionetsero zija. Iye anayamba watsokomola kawiri, kenako n'kuti, "Zinali zachibwana. Ine ndinali m'laibulale. Amene anagwidwa ankadziwa chimene ankachita."

Mtima unandiwira, ndinafuna kuiponya m'munda wailesiyo. Koma chinandiumitsa thupi ndi china. Katsokomoledwe kaja, ndi kakokedwe ka mawu kachitumbuka, zinali za achimwene ndendende. Munthu wa kumwera uja anazitenga kuti? Mwina anthu akagona chipinda chimodzi zaka zitatu amatengerana. Ndimadziuza choncho mpaka lero. Masamba opachika ankagwedera pamwamba pathu, mphepo kulibe.

Nthawi imeneyo amayi mutu unali utayamba kuwasokonekera, masiku ena ankandiyesa mng'ono wawo. Anadzuka, napukuta utomoni wa fodya pachitenje, nayandikira wailesi.

"Iwe, wamumva?" anatero. "Si dzina lomwe anapita nalo limeneli?"

"Amayi, ameneyo ndi mnzawo uja."

"Mnzake anatsala muno, ndinkamupatsa chakudya ndine. Amene anapita ndi dzinali ndi mwana wanga."

Nkhope yawo inawala moti ndinachita mantha. Chiikireni maliro aja sindinawaonepo akumwetulira choncho, ndipo kuti ndiwalande chimwemwecho pakamwa panandilemera. Ndinangoti, "Eya, amayi." Manyazi a bodza limenelo ndikadali nawo.

Anamvetsera ali chiimire, akugwedeza mutu pa liwu lililonse, mpaka aphungu anamuthokoza munthuyo. Kenako kumwetulira kuja kunazilala pang'onopang'ono. Anayang'ana kumsitu wa manda, kutsidya kwa mizere ya fodya, natembenukira kwa ine.

"Akuti iye kunalibe," anatero motsitsa mawu. "Nanga ife tinakwirira ndani?"