Nyali yakumbuyo inalibe mabatire

Ana anga ndi abale nonse, ndili bwino, musade nkhawa.

Madzulo ano kuno ku Buchi kunali mvula yowaza, ndipo kunada msanga. Pamsewu pankangomveka mahutala ndi makondakitala oitanira anthu. Nditatuluka m'tchalitchi cha m'ma 18 hours, ndinadina batani la nyali yakumbuyo kwa njinga n'kunyamuka.

Pafupi ndi msika minibasi inandigunda kumbuyo, ine n'kugwera m'ngalande. Ndangosupuka chigongono, koma wilo lapindika. Dalaivala anatsika n'kundithamangira. "Ba shikulu, agogo, simumaoneka konse, nyali yanu siyaka." Nditaitsegula, munalibe mabatire.

Malemu amayi anu ankaima pageti ndikamanyamuka n'kunena kuti, "Yayaka, pitani." Zaka zonsezo sindinaphunzire kucheuka ndekha.

Nditangofika kunyumba anabwera a Zulu ndi a Mwanza, akwaya yathu. Maikolofoni inawathera moto pokonzekera nyimbo za Lamulungu, ndiye anachotsa mabatire m'nyali yanga poganiza kuti abwezera ndisanatuluke. Anaiwala. A Zulu, bambo wamkulu uja, anagwada pakhomo chipewa chili m'manja. "Ba Phiri, tikanakuphani ndife."

Tsopano ndithandizeni nzeru. Ndigule nyali yotchaja ngati foni, kapena ya dayinamo yoyaka yokha wilo likamazungulira? Yotchaja ndikukayika nayo chifukwa cha malaiti athu opitapitawa. Ndikufuna yowala mpaka pansi, kuti ndiziona kufiira kwake ndili pachishalo.

Iwe Misozi mwana wanga, ndikukudziwa, usawaimbire foni yowakalipira azibambo akwayawa. Ine ndawakhululukira.