Malata amene ndinabwera nawo

Ntchito yanga ya umesenjala pa bungwe lina ku Dzaleka inatha mmene ntchito za m'mabungwe zimathera. Amakuitanira mu ofesi, amakupatsa mpando umene sunaukhalepo chiyambire, kenako amakuthokoza kwambiri. Ndinatuluka ndi kandalama kotsanzikira ndi mkwiyo wodzaza chifuwa. Zaka zonsezo ndinali nditayenda ndi maenvelopu a anthu ena, ndipo chimene ndinkachidziwa bwino pa dziko lino chinali kutumidwa basi. Ndiye ndinati ngati mphatso yanga ndi imeneyi, bola ndizitumidwa pandekha, popanda bwana wondiwerengera nthawi. Ndinagula njinga yamoto yakale, ndinalembetsa kachikwangwani n'kukakhoma pakhonde la golosale ya mnzanga pa Dowa Boma. Kanalembedwa kuti TITUMENI, TIFIKA.

Mkazi wanga anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ndani angakulipireni kuti akutumeni, ana ali mbwee m'mudzi muno?" Za anthu apafupi ankanena zoona. Amene anandipatsa ntchito anali akutali: aphunzitsi amene boma linawaponya ku chigwa cha Shire, anamwino a ku Lilongwe, makamaka anyamata akwathu konkuno amene ali ku Joni. Dandaulo lawo linali limodzi. Ukatumiza ya feteleza kwa m'bale wako, matumba amachepera m'njira, ndipo ukafunsa, wopanda ulemu ndiwe. Ine sindinali m'bale wa munthu. Ndinkagula, ndinkakapereka, ndinkajambula chithunzi n'kutumiza pa foni. Ndinkaperekeza okalamba kuchipatala, kukaima pamzere m'maofesi a boma, kukaona ngati amisiri akumangadi nyumba kapena akungomaliza nkhuku za eni ake. Ndinali ndi lamulo limene ndinkalinena modzitama kwa aliyense: sindifunsa chifukwa, sindilowa za m'banja, ndimangofika.

Kasitomala wanga wamkulu anali mnyamata wina wowotcherera zitsulo ku Joni. Sitinaonanepo maso ndi maso mpaka lero, ndinkangomudziwa mawu. Kwawo kunali kufupi ndi Dowa Boma, koma anakwatira kumapiri kuseri kwa Malomo, ndipo anakakhala chikamwini kwa mkazi wake monga timachitira. Anabereka ana awiri pamodzi, choncho mkaziyo mudzi wonse unkamuitana kuti amake mapasa. Mnyamatayu ndi amene anandiika m'gulu la pa foni la anzake a ku Joni, n'kuwauza kuti kumudzi kwapezeka munthu wosadula za eni. Kunena mosabisa, ndiwo za panyumba panga zinkachokera m'gulu limenelo.

Chaka chimenecho anayamba kumanga nyumba kuchikamwiniko, ndipo chilichonse chinadzera m'manja mwanga: simenti, mafelemu a mawindo, misomali, pomaliza malata. Tsiku la malata galimoto inakanika chitunda, tinachita kubwereka ngolo. Titalowa m'mudzi amayi anaimba nthungululu ngati tabwera ndi mkwatibwi. Amake mapasa anandigwadira chapatali n'kundipatsa thobwa, monga ankachitira ulendo uliwonse, n'kufunsa funso lawo la masiku onse: "Achimwene, kumeneko ali bwanji? Akudya koma?" Ndinkawauza kuti ine malire anga ndi Dedza, ku Joni ndimangokumva, koma ulendo wotsatira ankafunsabe. Kwa iwo, amene wabwera ndi katundu wa mwamuna wawo ndiye kuti wachokera kwa mwamuna wawo.

Kanyumba kawo kakale kaudzu anakagwetsa atangolowa m'nyumba yatsopano. Ankatinso kakuwachititsa manyazi.

Foni imene inasokoneza zonse inabwera m'nyengo yotentha, mitambo itayamba kusonkhana masana n'kumabalalika madzulo.

"Achimwene, pali kantchito," anatero mnyamata uja. "Mupeze kalipentala ndi ngolo. Mukasasule malata onse panyumba ija, mukawatule kwa mayi anga."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Malata ake ati? Omwe aja?"

"Omwewo."

"Kwagwanji?"

Anaseka pang'ono. "Paja inu simufunsa."

Anandiuzabe, mwachidule. Banja latha, wapeza wina komweko. Malo ndi a kwa mkazi, njerwa sanganyamule, koma malata ndi thukuta lake ndipo sangasiyire mwamuna wina kuti adzagone pansi pake. Ndinamufunsa ngati ankhoswe akudziwa, chifukwa banja silitha pa foni, amalithetsa ndi anthu omwe analimanga.

"Ankhoswe andichedwetsa," anatero. "N'chifukwa chake ndikutuma inu."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo mpaka pano ndikawakumbukira mtima umandiwawa. Nditamufotokozera mkazi wanga, sanaseke ulendo uno. Anati zimenezo ndi zankhanza, kenako anati, "Koma mukakana, gulu lonse lija likuthawani. Tidzadya chikwangwani?" Ndinamukalipira popanda chifukwa, pakuti funso lomwelo ndinali nditadzifunsa kale.

M'mawa ndinapita kwa amalume ake a mnyamatayo, amene anali nkhoswe ya kuchimuna. Ndinawapeza kudimba akuthirira nazale ya fodya. Anandisiya ndimalize moni wonse, kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndiye ndinu a Titumeni aja."

Ndinavomera, ndipo ndinawauza zimene mphwawo wandituma. Sanadabwe. Anatsitsa kheni pansi n'kupukuta manja m'thalauza.

"Kale mwana ameneyu akafuna kutumiza ngakhale sopo ankadzera mwa ine," anatero. "Ndinkadulako pang'ono, sindikana, njinga yanga siyendera madzi. Koma za malatazi akanandiuza ine, ndikanamuyankha kuti chabwino, mawa. Mawa likafika, kalipentala wadwala. Kenako ng'ombe yatsimphina. Ndikanamuzunguza mpaka mvula igwe, mpaka mtima wake uzizire, mpaka tikhale pansi ndi akuchikazi. Chibwerereni inu, foni yake sindinaimveponso. Mwatilanda ntchito, ndiye igwireni yonse."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti akanakhala kuti sankadula za ana awo, ine bwenzi ndilibe ntchito, ndipo kuti chikwangwani changa anachikhoma ndi iwo ndi manja awo. Anatulutsa kafoni kawo n'kumuimbira mphwawoyo ine ndili pomwepo. Inaitana mpaka kuduka yokha. Anandionetsa, n'kutola kheni yawo kubwerera kuchitsime.

Panjira yonse ya ku Malomo ndinkakangana nawo mumtima madala aja, ndipo ndinkaluza. Ine ndinkadzitama kuti ndachotsa akuba pakati pa munthu ndi banja lake. Sindinkadziwa kuti pamodzi ndi akubawo ndachotsanso anthu okhawo amene akanatha kumuuza munthu kuti iwe, takhala pansi. Ndinali njira yachidule, ndipo njira yachidule sisankha chodutsapo.

Amake mapasa ataona njinga yopanda katundu anadziwa kuti kulibe chabwino. Anagwadabe, thobwa linabwerabe. Mawu amene ndinabwera nawo sanali oyenera kutuluka pakamwa panga, anali mawu a ankhoswe, onenedwa pamphasa akuluakulu a mbali zonse ali pomwepo. Koma panalibe wina woti awanene. Ndinawanena mokhotakhota, ndikuyang'ana kapu. Iwo sanalire. Anakweza maso n'kuyang'ana denga kwa nthawi yaitali.

"Kalipentalayo ali m'mbuyo?"

"Ayi, mayi. Ine sindichita zimenezo."

"Mukakana inu atuma wina."

Ndinamuimbira mnyamatayo tsiku lomwelo n'kumuuza kuti ntchito iyi yokha ayi, adikire ankhoswe. Sanatukwane, anangodula. Dzuwa lisanalowe ndinali nditachotsedwa m'gulu lija. Wina amene ankandimvera chisoni anandiuza zimene zinalembedwamo: kuti ndayamba kulowerera mabanja a eni, ndipo anthu adzifunse chimene ndimachedwera kwa akazi awo. Bodza limenelo linandipweteka kuposa njala imene linabweretsa. Mafoni anasiya kulira. Ndinkakhala pakhonde la golosale pansi pa chikwangwani changa ngati mlonda wake.

Wina wokasasula malata anapezekadi, ndipo sanachite kumufuna patali. Anyamata a kabaza pa Malomo anali ataona kale mmene ine ndikudyera, ena anali atayamba kutumidwa nawonso. Anasankha tsiku limene amuna a m'mudzimo anali kumaliro kutsidya, anafika ndi ngolo, mwini malata ali pa foni kuti aliyense amve mawu ake. Amayi amene analipo anakuwa, koma palibe anafuna kugwira munthu n'kukathera kupolisi chifukwa cha katundu amene mwini wake akumufuna. Nkhani inapita kwa amfumu, amfumu anati abwere ankhoswe, ankhoswe anati abwere mwini banja. Mwini banja anali ku Joni akuwotcherera zitsulo.

Patapita masiku, foni yanga inalira kamodzi n'kuduka. Inali nambala ya amake mapasa. Ndinathira mafuta amene ndinkasungira tsiku la mavuto n'kunyamuka.

Nyumba yopanda denga imaoneka ngati yapsa, ngakhale makoma ake ali atsopano. Matabwa anali ali pomwepo, misomali yopindika ili mbwee pabwalo, mapasa aja akuitolera m'kachitini ngati masewera. Chipinda chimodzi anali atachiphimba ndi pepala lakuda la pulasitiki, lotsamiritsa ndi njerwa, mphepo ikulikweza n'kulitsitsa. Ndinafunsa za udzu, ndipo ndinachita manyazi ndisanamalize kufunsa. Udzu wofolerera timamweta m'nyengo yozizira. Chaka chimenecho amake mapasa sanamwete ngakhale mtolo umodzi, amweterenji munthu wa nyumba ya malata? Tsopano mapiri onse anali akuda, osaka mbewa atatentha kale, ndipo amene anali ndi mitolo anali atafolera nyumba zawo. Kwa mayi awo kunali kanyumba kamodzi, kodzaza kale ndi adzukulu ena.

Ulendo uno thobwa kunalibe. Anatuluka ndi nkhuku yaikazi yomangidwa miyendo, anagwada n'kuiika patsogolo panga.

"Achimwene, nanenso ndikutumeni. Ine foni yanga anaitsekera, sindingawapeze. Musakawapemphe malata, ayi. Mukangowafunsa kuti ana awowa ndiziwagoneka kuti mvula ikayamba. Chimene anene, ndichita."

Ndinati nkhukuyo asunge, ndipita chabe.

"Mukakana nkhuku ndiye kuti mwakana kutumidwa," anatero. "Enawo amakulipirani. Ine ndisakhale wopempha."

Ndinaimangirira kumbuyo kwa njinga. M'mudzimo foni imagwira bwino pamwamba pa chitunda pokha, ndiye ndinakwera pamenepo n'kumuimbira mnyamata uja. Siinalowe n'komwe, nanenso anali atanditsekera. Ndinatsetsereka mpaka pa Malomo, ndinabwereka foni ya mayi wina wogulitsa tomato. Ulendo uno anayankha, mawu ake ansangala, kumbuyo kukumveka chitsulo chikulira. Ndinangoti, "Achimwene, ndine, musadule, ndi za ana," foni inaduka. Ndinaimbanso. Ndinabwereka ina kwa wokonza njinga, imeneyonso anangomva mpweya wanga n'kudula. Ndinatukwana pamsika, anthu akundiyang'ana, mawu amene mkulu wa mpingo wathu akanawamva bwenzi nditaitanidwa kubwalo. Nkhuku inali phee kumbuyo kwa njinga, ikuphethira.

Ndikanatha kulunjika ku Dowa. Msewu unali womwewo, ndipo mitambo inali itada kale kumbali ya phiri la Ntchisi. Koma wotumidwa amabwerera kwa amene wamutuma, zimenezo ndinaziphunzira ndisanagule njinga. Ndinakhotera kumapiri. Madontho oyamba anandipeza pachitunda paja, akuluakulu, onunkhira fumbi, mvula imene mlimi aliyense m'zigwa zimenezo anali akuiyembekezera. M'midzi ya m'njira ana ankavina pabwalo.

Amake mapasa ndinawapeza ataima pakhomo, mapasa atawafunditsa thumba limodzi la feteleza, lomwe mwina ndinabwera nalo ndine. Pepala lakuda lija linali litasasuka mbali imodzi, likukupiza.

"Ati bwanji?" anafunsa.

M'njira ndinali nditakonza mabodza angapo, akuti aganizira, akuti ayankha mawa. Onse anandithawa. Ndinatsika panjinga, ndinamasula nkhuku ija, ndinayenda nayo mpaka pakhomo n'kuwapatsa. Anandiyang'ana, anayang'ana nkhuku, ndipo sanafunsenso. Anailandira ndi manja awiri, anakankhira ana patsogolo, n'kulowa m'nyumba mmene mvula inkagwa chimodzimodzi ndi panja.