Tchizi wa pa Maliro a Honorine

A Cyprien Salamin anakhala moyo wawo wonse m'mudzi wa m'mapiri, m'chigwa cha Anniviers, akuweta ng'ombe ndi kutchetcha udzu. Pamsonkhano sankalankhula, kutchalitchi ankakhala kumbuyo. Chaka chimene anakwatira Honorine anasunga magudumu awiri a tchizi, mibulu ikuluikulu yozungulira, monga ankachitira makolo: lina loti anthu adzadye pa maliro a mkazi, lina pa maliro a mwamuna. Munthu wopita kumanda osasiyira olira tchizi ankanenedwa mpaka adzukulu ake.

Loweruka lililonse ankatsikira kuchipinda chapansi kukapukuta magudumuwo, kuwatembenuza ndi kuwapaka mafuta pang'ono kuti asang'aluke. Honorine ankawaseka ali pamwamba pa masitepe.

"Langalo mulisamale, bambo inu. Lanulo ngakhale mbewa zidye, nkhope yolusayo adzailira ndani?"

Honorine ndiye anatsogola, nyengo yozizira ili pakati. Pa maliro panafika anthu ochepa: wansembe, oyandikana nawo angapo, ndi mwana wawo Solange, wokhala ku Geneva. Gudumu lake analidula ndi sowo, pakuti mpeni unakanika. M'kati linali loderako, louma ngati thabwa. Anthu analawa mwaulemu, kukankhira ndi vinyo, n'kutembenukira ku makeke amene Solange anagula. Pochotsa mbale, a Cyprien anapeza tizidutswa titabisidwa m'mapepala opukutira pakamwa. Gudumu linatsala pafupifupi lonse.

"Bambo, uyu tingomupala, timuike m'timatumba, alowe mufiriji," anatero Solange. "Akhala chaka osawonongeka."

"Sitinamusungire firiji. Ndi woti adye anthu amene ankawadziwa amayi ako. Akapanda kudyedwa, ndiye kuti maliro sanathe."

"Ali kuti anthuwo, bambo?"

Solange atabwerera kutauni, a Cyprien anadula zibenthu, kukulunga m'nsalu, n'kuyamba kugogoda m'makomo. Nyumba zambiri zinali zotseka, eni ake atsopano ndi alendo obwera patchuthi pokha. Amene ankadziwa Honorine ena anali kumanda, ena kunyumba yosungirako okalamba m'tauni ya Sierre. A Cyprien anakwera basi, phukusi lili pamiyendo.

Woyamba kumupeza kumeneko anali Basile Zufferey, amene ankaweta naye ng'ombe ali anyamata.

"Wabwera kudzasungitsa malo, mdala iwe? Bedi la pakhomo lilibe munthu, mwini wake watisiya dzana," anatero Basile akuseka.

"Ndabwera ndi tchizi wa Honorine."

Basile anasiya kuseka. Analandira ndi manja awiri, n'kuponya kachidutswa m'kamwa. Anakatembenuza uku ndi uku, kenako anakalavulira m'dzanja mwamanyazi.

"Pepa, m'bale wanga. Mano anandithawa kalekale. Muno tonse ndife makanda."

A Cyprien anayang'ana nkhalamba zimene zinali zitakhala kale patebulo kudikira supu. Zonse ankazidziwa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wotha kutafuna. Anapita kukhitchini kukapempha chopalira. Mayi wophika anafuna kuwapalira ndi makina, iwo anakana. Anakhala kumapeto kwa tebulo n'kumapala pang'onopang'ono, zala zili gwa ndi ukalamba, mpaka chitsulo chinawasupula pamfundo. Tchizi ankagwa wosalala ngati ufa. Kenako anazungulira tebulo kuwaza m'mbale iliyonse, akutchula dzina la mkazi wawo kwa aliyense.

Nkhalamba zinamwa supu mwakachetechete. Basile anapempha wina.

Omaliza anali mayi Euphrasie, amene anaimba kwaya limodzi ndi Honorine kuyambira pautsikana, koma tsopano mutu unkawasokonekera. Anamwa sipuni imodzi, n'kukweza maso.

"Mwati ndi wa ndani tchizi ameneyu?"

"Wa Honorine, mayi."

"Wawonjeza mchere. Mukamuuze. Nanga mwini wakeyo osabwera kudzandiona bwanji? Wayamba matama?"

Basile anawerama. A Cyprien anaima ndi chopalira m'manja.

"Msewu ndi woterera, mayi. Wangondituma."

"Aa, chabwino. Ndiye thiraninso."

Anathira wonse wotsala. Mayi Euphrasie anamwa mpaka kukokota mbale, ndipo a Cyprien sanachoke pambali pawo kufikira atatha. Kenako anabweza chopalira kukhitchini, kuthokoza, n'kupita kukadikira basi.