Omuleti ya ku Limbe

A Albert anayendetsa minibasi pakati pa Limbe ndi Zomba zaka khumi ndi zinayi, mpaka tsiku lomwe anagwa pa depoti, dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa. Anawabweretsa kwawo ku Njuli, kwa akazi awo a Esnart, amene zaka zonsezo ankalima nandolo ndi kugulitsa tomato m'mphepete mwa msewu.

Chiyambire kudwalako, chakudya chinawakana. Mpunga ankangouyang'ana. Chimene ankatchula chinali chimodzi, omuleti ya pa lesitilanti ina ya ku Limbe pomwe ankadyera m'mawa uliwonse asanayambe kupakira anthu. A Esnart anali asanailawepo, ngakhale kuiona. Iwo ankadziwa mazira owiritsa ndi a ndiwo basi.

Anawafunsa amuna awo mmene inkaonekera. Lilime linali lolemera, mawu akutuluka mokokeka, koma anamva kuti inali yofewa, yopindidwa pakati, mkati muli anyezi ndi tsabola wobiriwira. Anatola mazira awiri a nkhuku zawo, nawatakasa ndi foloko, n'kuwathira m'chiwaya pa mbaula. Yoyamba inapserera pansi. Yachiwiri inaphwasuka potembenuza. Mnansi wawo, a Tatu, anati athiremo mkaka pang'ono, ndipo inatuluka yamadzimadzi. A Albert ankaluma kamodzi n'kutembenukira kukhoma.

Atatopa nazo, a Esnart anasiya wodwala m'manja mwa a Tatu, nakwera minibasi kuti akafunse wophikayo pamaso. Nyumbayo anaipeza, koma munali mukugulitsidwa mafoni. Mlonda wa pakhomo anawauza kuti lesitilantiyo inatsekedwa chaka chathachi, ndipo wophika wake, a Lajabu, anapita ku Joni.

Atabwerera sanaulule zimenezi. Anayatsa mbaula, nachepetsa makala, naphika mofatsa, ndipo tsiku limenelo inapindika bwinobwino osang'ambika. Anawauza amuna awo kuti a Lajabu awaphunzitsa okha, ndiponso apereka moni.

A Albert anatafuna nthawi yaitali.

"Ndi yomweyo, mayi," anatero. "Mwaitha."

Anadya pang'ono chabe. A Esnart anatenga mbale kupita nayo kuseri, ali ndi kachimwemwe mumtima, nalawa yotsalayo. Munalibe mchere ngakhale pang'ono, anali ataiwala kuthira. Apo m'pamene anazindikira kuti lilime la amuna awo linasiya kalekale kumva kukoma, ndipo chimene ankalira sichinali choti n'kuphika.

Anapitirizabe kuwakazingira mpaka mu Okutobala, pamene chitopa chinalowa m'mudzi n'kupulula nkhuku zonse. A Albert sanafunsenso za mazira. Kuchipatala anati palibe china choti angachite, angowasamalira kunyumba. A Esnart analeka kupita kumsewu ndi tomato, nandolo naye anaumira kumunda. Masiku ano amawakhazika tsonga pamkeka, atawatsamiritsa pachifuwa pawo, n'kumawamwetsa phala lamadzimadzi. Akameza masupuni atatu kapena anayi, amatseka pakamwa.